Dzina Lomatidwa Mchombo Usanagwe

Mutu 6

1. Manja a Ndaona

Ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, mukadutsa msika n'kukhotera kanjira ka kuseri kwa tchalitchi cha malata abuluu, mupeza nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi makina osokera pakhonde. Makinawo ndi a Amake Felistus, mayi wa ku Katete, kum'mawa kwa dziko, amene analera ana ake awiri ndi singano basi. Woyamba ndi Felistus, amene anakwatiwa ku Kalingalinga. Wachiwiri ndi Ndaona, mtsikana wa giredi teni, waluso m'manja koma wouma makutu pang'ono.

Amayiwo ankasoka tizovala ta makanda, toyera, tofewa, topanda chokongoletsa chilichonse. Ndaona ndiye anabweretsa zachilendo pakhondepo. Tsiku lina atatumidwa ku Kamwala kukagula ulusi, anapeza sitolo yogulitsa mapepala a zilembo ndi tizithunzi tomata ndi simbi. Umadula chilembo chimene ukufuna, n'kuchiyala pachifuwa pa kavesiti, n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala, kenako n'kukanikiza simbi yotentha. Pakazizira umasenda pepala pang'onopang'ono, chilembo n'kutsala pansalu chili waliwali.

Poyamba anawotcha timavesiti tingapo, amayi ake n'kulalata mpaka oyandikana nawo kutuluka m'nyumba. Koma mtsikanayo anaphunzira. Anadziwa kuti simbi siyendetsedwa uku ndi uku ngati ukusita siketi ya sukulu, imangokanikizidwa malo amodzi. Anadziwa kumata kunja kokha kuti pulasitiki isakhudze khungu la khanda, ndiponso kuchapa chovalacho chisanavalidwe. Magetsi akathima, monga amachitira nthawi imene wawafunitsitsa, ankakoleza simbi ya makala.

Anadziwanso kuti chimene wamata chamatika. Ukalakwitsa chilembo, kuyesa kuchimatula n'kung'amba nsalu.

Azimayi a pampopi ankayamikira tinyenyezi ndi timaluwa take, koma ena ankati ndi masewera a ana a sukulu. Mawu amenewa ankamupweteka Ndaona. Ankafunitsitsa kuti ntchito yake idziwike kupitirira msika wa Mtendere.

2. Oda ya a Lemmy

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Felistus anabereka mwana wamwamuna. Apongozi ake, amene onse ankawatchula Bana Lemmy, kutanthauza Amake Lemmy m'Chibemba, anakwera basi kuchokera ku Kasama kudzasamalira khandalo. Anabweranso kudzalitcha dzina. Kwao kwa anthu amenewa dzina limadikira kuti mchombo ugwe, ndipo la mwana woyamba amatchula ndi agogo a kuchimuna. Mabanja onse awiri anagwirizana zimenezi ukwati usanachitike, ndipo panalibe amene sankadziwa.

Koma panali a Lemmy, mwamuna wa Felistus. A Lemmy anali dalaivala wa minibasi, munthu wokonda dzina lake kuposa chakudya. Linali pagalasi la kumbuyo kwa basi, linali pachipewa, linali ngakhale pakachingwe ka makiyi. Munthu wotere kumuuza kuti adikire kunali kutaya mate.

Tsiku lina masana anaimika minibasi pakati pa kanjira, anthu n'kumachita kulambalala m'ngalande, iwo n'kufika pakhonde akumwetulira.

"Mulamu wanga wa nzelu!" anatero kwa Ndaona. "Nabwela na oda ya bwino. Unipangile tumavesiti twa mwana, ulembepo LEMMY JUNIOR, na kachisote ka ufumu pamwamba. Elo na ine unipangile sikipa yofiila, ulembe LEMMY SENIOR. Tizajambulisa pamozi, nizaika pa foni. Lusaka yonse izaziba kuti ku Mtendere kuli dizaina."

Maso a Ndaona anawala. Koma makina a amayi ake anasiya kulira.

"Apongozi, pepani," anatero Amake Felistus atayang'ana pansi, monga amachitira mayi polankhula ndi mkamwini. "Kodi mchombo wagwa?"

"Uzagwa chabe, amai. Ni nkhani ya tumasiku."

"Ndiye tidikire tumasikuto."

A Lemmy anaseka, nati amva, n'kubwerera ku basi yawo akuliza makiyi.

3. Chenjezo

Basi itachoka, Amake Felistus anamukhazika Ndaona pampando wa makina, iwo n'kuima patsogolo pake.

"Ndakuona mmene maso ako anachitira. Tsono mvera, chifukwa sindidzabwereza. Iwe umaona ngati dzina ndi zilembo za ku Kamwala, zodula ndi sizasi. Ayi. Mayi uja wachoka ku Kasama ndi msana wake wodwala, wasiya munda, wasiya nkhuku, osati kudzachapa matewera okha. Wanyamula dzina. Kaya ndi la malemu amuna ake, kaya la ndani, ife sitikudziwa, ndipo si ntchito yathu kudziwa. Akadzalitchula m'pamene mwana uja adzakhale wa kwao.

"Ukalemba dzina lina iye asanatsegule pakamwa, wamuuza kuti anabwera pachabe. Ndipo usaganize kuti adzakalipira mwana wake. Mayi sayamba n'kukalipira wake. Adzayang'ana mkulu wako, adzati anthu a kum'mawa alanda mwana. Iwe udzakhala kuno ukudya, Felistus ndiye adzagona m'nyumba ya moto.

"Mata nyenyezi, mata bakha, mata mpira, palibe adzakuletsa. Koma dzina usamate mpaka ulimve kuchokera pakamwa pa mwiniwake. Wamva?"

"Namvela, amama," anayankha Ndaona.

Kumva anamvadi. Koma mawu a a Lemmy aja, akuti Lusaka yonse idzadziwa, anali atalowa kale malo ofewa.

4. Simbi ya makala

M'mawa mwake Amake Felistus anapita kumaliro ku Chawama. Sipanapite nthawi, minibasi ija inatsekanso kanjira. Munthu wamkulu, wandevu zake, kuchita kudikira kuti mayi achoke kuti akanyengerere mwana wa sukulu! Zochititsa manyazi, koma ndi zimene a Lemmy anachita.

"Mulamu, vinthu vasintha," anatero. "Nakamba nao ba mayo, amai banga, mailo usiku. Bavomela. Bakuti zina ni yamene ija."

"Zoona, ba mulamu?"

"Ine ninganame kuli iwe? Panga chabe fasiti, nili na ma pasenja ku steshoni."

Foni inali m'thumba la siketi ya Ndaona. Akanatha kuimbira Felistus, nkhani n'kuthera pomwepo. Anaigwira, n'kuisiya. Sanafune kumva yankho limene likanamulanda odayo.

Magetsi kunalibe. Anakoleza makala, n'kuwathira m'simbi, n'kuikupiza mpaka inatentha bwino. Anayamba ndi sikipa yofiira ya a Lemmy kuti ayesere moto. Anadula zilembo zoyera, n'kuzifola ndi rula kuti zisapendekeke, n'kuphimba, n'kukanikiza ndi mphamvu zake zonse. Atasenda pepala, LEMMY SENIOR inatuluka yowala, yosakhwinyata pena paliponse.

A Lemmy sanadikire n'komwe kuti izizire bwino. Anavula shati pakhonde pomwepo, n'kuvala sikipayo, n'kumadziyang'ana pagalasi la basi uku akutembenuka.

Kenako panabwera timavesiti. Tinali tosokedwa ndi amayi a Ndaona, ta nsalu ya thonje, ting'onoting'ono moti kamodzi kankakwana m'manja awiri. Ndaona anachepetsa moto, n'kumata kamodzikamodzi, dzina pachifuwa, kachisoti kagolide pamwamba. Tinene zoona, ntchito inali yokongola. Chiyambireni anali asanamatepo mwaudongo chonchi.

"Muchape poyamba mukalibe kumuvalika," anatero powapatsira.

"Osadandaula, dizaina," anayankha a Lemmy, n'kutikulunga m'pepala la pulasitiki.

Amake Felistus atabwerako kumaliro, anapeza pakhonde posesedwa, phulusa litatayidwa.

5. Moto ku Kalingalinga

Tsiku lotsatira, ataweruka kusukulu, Ndaona anaperekeza amayi ake ku Kalingalinga kukaona khanda. Asanafike pakhomo anaona azimayi a nyumba zoyandikana ataima pazitseko zawo, ena akusesa malo osesedwa kale. Mawu okalipa ankamveka kuchokera m'nyumba ya Felistus.

Atalowa anapeza Felistus atakhala pamphasa, khanda lili pamiyendo, misozi ikungoyenderera. Patebulo panali timavesiti tija, titayalidwa ngati pamsika. Pafupi ndi chitseko panali chikwama chachikulu chamizeremizere, chomangidwa kale. Bana Lemmy, mayi wamtali wa imvi m'mbali mwa duku, anali chiimire.

Felistus anafotokoza movutikira. Apongozi ake atasambitsa mwana anapisa m'chikwama cha matewera kufuna chomuveka, n'kutulutsa pulasitiki ija pansi penipeni. Felistus analumbira kuti iye anali asanaionepo.

"Mwabwela bwino, bana Felistus," anatero Bana Lemmy, Chinyanja chawo chikupendekera ku Chibemba. "Nkhalani, mumvele. Ine nine wamasiye. Bashi Lemmy, bamuna banga, banafa Lemmy akali ku sukulu. Pa chipatala, mau yao yotsiliza banakamba kuti, mwana woyamba wa Lemmy akabadwa, ukamupase zina yakuti-yakuti. Iyo zina naisunga mu chifuba zaka zonse izi. Sininauzeko munthu, olo m'busa, olo mwana wanga. Nakwela nayo basi usiku onse, mendo kuvimba. Nafika kuno nachapa, naphika, nasambika, nilindila chabe mutoto upone.

"Manje lelo napeza kuti mwana ali kale na zina, yolembewa na pa nsalu, monga nambala ya basi. Nanga ine munaniitanila chani? Kuti nikhale wanchito? Ngati kwanu ku Katete ndiye mwamene muchitila, munafunika kuniuza pa lobola. Sembe sininavutike. Nibwelela nayo zina yanga ku Kasama. Mwana wanu mwamupasa kale yanu."

Mutoto umene ankanenawo ndi mchombo, ndipo unali usanagwe. Amake Felistus anatembenuka n'kumuyang'ana Ndaona.

Nthawi yomweyo a Lemmy analowa. Mkazi wa nyumba yoyandikana anali atawaimbira foni. Kunja kunkatentha moti ngakhale agalu anali atabisala pansi pa magalimoto, koma iwo anali atavala jekete yakuda, zipi itakokedwa mpaka pakhosi.

"Lemmy," anatero amayi awo, akuloza patebulo. "Uziba chani pali ivi?"

A Lemmy anatola kavesiti kamodzi, n'kukatembenuza uku ndi uku ngati akukaona koyamba.

"Awe, ba mayo, ine nadabwa. Ivi ni va Ndaona, ndiye amachita vomatamata. Bana ba masiku yano, kaya."

Bodza lake linatuluka mosalala, osagwira pakhosi n'komwe. Bambo wa mwana, mutu wa banja, kubisala kumbuyo kwa kamtsikana ka yunifolomu!

6. Kuseri kwa nyumba

Amake Felistus anapempha kuti alankhule ndi mwana wawo panja. Anamukokera kuseri, pafupi ndi chingwe choyanikapo matewera.

"Anakutuma ndi iyeyo, eti?"

"Ee, amama. Banakamba kuti ba mayo bao bavomela."

"Ndipo iwe unakhulupirira chifukwa unafuna kukhulupirira. Ndinakuuza, Ndaona. Ndinakukhazika pansi. Koma za ine ndi iwe tikakambirana kunyumba. Pano mvera. Ulowe, ugwade, unene kuti unachita wekha mwa chibwana. Dzina la mlamu wako usalitchule.

"Ukuona ngati ndikukondera? Ndikudziwa kuti wanama. Ndamuona. Koma mwamuna ukamuvula pamaso pa amayi ake ndi apongozi ake, manyaziwo sathera pano. Ife tikwera basi kubwerera ku Mtendere, mkulu wako ndiye atsala naye, ali ndi khanda la masiku. Iwe ndiwe mwana, akukalipira lero, mawa aiwala. Meza, mwana wanga. Akazi timameza zambiri kuti nyumba ziime."

Ndaona anapsa mtima. Kulakwa analakwadi, koma bwanji wamkulu amene anayambitsa zonse aime pambali manja ali m'thumba? Komabe anayang'ana nkhope ya amayi ake, yotopa ndi yamantha, n'kugwedeza mutu kuvomera.

7. Jekete

Analowa n'kugwada patsogolo pa Bana Lemmy.

"Ba mbuya, nine ninamata. Amama bananiletsa, ine sininamvele. Nalakwa, munikhululukile."

Bana Lemmy anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Ima, mwana. Kumata unamata ndiwe, navomela. Koma mwana wa sukulu sangauke chabe kuseni na kupasa zina mwana wa bene. Elo ivi vovala vinayenda veka kuchoka ku Mtendere kungena mu chola cha matebela? Alipo anakutuma, elo alipo anabisa. Mu nyumba muno wamene agwila chija chola ni m'modzi."

Anatembenukira kwa Felistus.

"Apongozi, ine sininachite," analira Felistus. "Mulungu aona."

Bana Lemmy anawerama n'kunyamula chikwama chawo. Amake Felistus anagwada pakhomo akuwomba m'manja, kupempha kuti akhale pansi akambirane, koma mayiyo anangoti awapatse njira.

Apa m'pamene a Lemmy akanalankhula. Mawu awiri okha akanakwana. Anayang'ana amayi awo, anayang'ana mkazi wawo amene anali asanachire n'komwe bwinobwino, kenako anatsokomola.

"Felistus, naiwe pepesa chabe kuli ba mayo. Vinthu ivi ufunika kuyamba wanifunsa ine."

Khanda linayamba kulira.

Ndaona anali akadagwada. Kuchokera pansipo ankaona thukuta likutsika m'masaya mwa a Lemmy n'kulowa m'khosi la jekete. Pansi pa jeketeyo, m'chiuno, kansalu kofiira kanali katasuzumira. Anameza monga anauzidwira, koma anaona kuti kumezako sikunapulumutse aliyense. Mlandu unali utadumpha iye n'kugwera mkulu wake.

Anaimirira.

"Ba mulamu, mwapya na thukuta. Vulani jekete."

"Ndaona!" anakuwa amayi ake.

"Iwe mwaiche, kamwana iwe, ukamba na ndani?" anatero a Lemmy, dzanja litathamangira pazipi. "Nili na chifuba. Nimvela mphepo."

"Mphepo mu Okutoba?" anafunsa Bana Lemmy. Anatsitsa chikwama pang'onopang'ono. "Lemmy, vula."

"Ba mayo, uyu mwana alibe ulemu..."

"Nakamba vula. Olo ufuna nikuvule neka monga kale?"

Zipi inatsika. Pachifuwa pa a Lemmy panaoneka zilembo zoyera, zofoledwa ndi rula, zowala bwino: LEMMY SENIOR. Zinali zofanana ndendende ndi za patebulo.

Bana Lemmy anakhala pampando. Atalankhula, mawu awo anali otsika, ndipo anawawa kuposa kukalipa kuja.

"Zina ya wiso, batate bako, siunaifune, sembe unaniuza. Sembe nalila, napola. Koma iwe waimilila apa, waona mukazi wako alila na mwana pa mendo, waona banyina, amai bake, bagwada pa doti, waona kamwana aka kasenda mulandu wako, iwe zii, uvala na jekete. Nakulela neka, Lemmy. Ninagulitsa tute, chinangwa chija, pa mseu kuti upeze laisensi. Sininaziba kuti nikulela munthu wa mantha."

Kenako anatembenukira kwa Felistus, n'kutambasula manja kuti alandire khanda.

"Mayo, nikhululukile. Nakunamizila mu nyumba yako."

A Lemmy anayang'ana aliyense m'nyumbamo, n'kutsiriza ndi Ndaona. Diso limenelo silinali la chibale. Anatola jekete yawo n'kutuluka, azimayi a panja aja n'kupatuka akuwerenga pachifuwa pawo mokweza. Minibasi inalira n'kuchoka mwaukali.

Bana Lemmy anatola kavesiti kamodzi.

"Ivi vilembo vingachoke?"

"Awe, ba mbuya. Vikamata vamata."

"Ndiye wamvela manje chamene banyoko, amai bako, benze kukamba. Pakamwa uli napo, nakuona, koma na matu ukhale nayo. Utu tumavesiti tubise, mwana sazavala. Mutoto wasala pang'ono. Mailo kuseni, kukacha, ubwele na kavesiti kalibe kanthu, na vilembo vako, na nsimbi. Nikakamba zina pa menso pa wishi, batate bake, ndiye uzamata."

Atabwerera ku Mtendere, Amake Felistus anafika pakhonde n'kungoti, "Zoona wanena. Tsono tipemphere kuti mkulu wako azikwanitse."

8. Pakhomo

Kutacha linali Loweruka. Ndaona anasankha kavesiti kofewa kuposa tonse, anaika mapepala a zilembo m'chikwama cha sukulu, n'kunyamula simbi ya makala. Anafika ku Kalingalinga dzuwa lisanakwere, n'kupempha makala a moto pambaula ya oyandikana nawo.

Mchombo unali utagwa m'bandakucha. Bana Lemmy anali atasamba, atavala chitenje chatsopano, khanda lili m'manja. Koma m'nyumbamo munalibe chimwemwe. A Lemmy sanagone pakhomo, ndipo foni yawo inali yotseka.

Felistus anali ataima pakhomo, maso otupa. M'manja mwake munali sikipa yofiira ija, yopindidwa bwino. Anaipeza pakhonde potsegula chitseko, ndipo pamwamba pake panali kiyi wa nyumba wa a Lemmy.

"Ba mbuya, nsimbi yapya," anatero Ndaona ndi mawu ang'ono.

"Zimya," anayankha Bana Lemmy. "Zina ya mwana siikambiwa wishi kulibe. Azankhala chabe mwana mpaka Lemmy angene pa chitseko ichi."

Ndaona anayang'ana kavesiti koyera kaja, kopanda chilembo ngakhale chimodzi. Felistus anamuyandikira, n'kumuika kiyi uja m'dzanja, n'kulipinda ndi zala zake zozizira.

"Unaniombola, mufana wanga, sinizaibala," anatero. "Koma unamuvula ndiwe. Manje yenda ukamupeze."

Ndaona anakhuthula makala a moto pansi, n'kuwathira madzi. Anasiya simbi pakhonde, namanga kiyi pakona ya chitenje, n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu kumene amaima maminibasi opita m'tauni.